Malaya Amene Ndinayanika Pakhonde la Hotela

"Kuno si kugeti la kuphiri, a Bwezani! Ndisiyeni dzanja! Kuno simumenya munthu!"

Amene anandikalipira choncho anali mayi wokonza zipinda m'hotela yakale ija ya m'tauni ya Zomba, dzina lake Esnati, ndipo dzanja lake ndinali nditaligwiradi. Anali masana a Lachitatu, m'kanjira ka pakati pa zipinda za m'mwamba. Azungu awiri anatsegula chitseko nkumasuzumira. Ine ndinali mlendo wa hotelayo, chipinda nambala 7, ndipo ndinali nditangomutchula kuti wakuba.

Tadala, Yamikani ndi iwe Gelesi, mutu uno ndinkafuna kuudumpha. Mayi anu ndi amene anati ngati ndalemba za moto umene tinazimitsa kuphiri, ndilembenso izi. Mwakhala mukuuza anzanu kuti bambo anu anagonapo m'hotela imeneyo. Ndinagonamodi. Koma mumve mmene zinathera. Dzina langa ndi Nampinga, inde, koma kunsi kwa phiri ankanditchula kuti Bwezani, ndipo kuti mumvetse za dzinalo ndiyenera kuyambira pa ntchito.

Chaka choyamba, kunazale

Ntchito ya zankhalango ndinaiyamba nditangolemba mayeso a Fomu 4. Ananditumiza kunazale ya pamwamba pa phiri la Zomba kukathira dothi m'machubu ndi kusamala mbande za paini. Tinkagona m'nyumba ya matabwa, anthu anayi, aliyense ndi bulangeti lobooka, ndipo chifunga chinkalowa mpaka m'kati ngati nacho chalembedwa ntchito. Bwana wanga woyamba anali a Malunga, munthu wamfupi, wosakweza mawu, amene ankadziwa mtengo uliwonse ndi fungo lokha. Ndi iwo anandiphunzitsa kulambula mizere yotchinga moto, kuwerenga mphepo, ndi kusiyanitsa nkhuni youma yokha ndi yochita kuumitsidwa dala poisenda khungwa. Mwezi wachitatu ndinamenyana ndi waganyu wina chifukwa anaponda mbande. Anali wamkulu kwa ine ndi zaka makumi awiri. A Malunga sanandilembere kalata. Anandiitanira kuseri kwa shedi nati, "Nampinga, iwe mitengo umaikonda, zimenezo ndaona. Koma anthu ukuwaona ngati chiswe. Ntchito inoyi anthu ndi ambiri kuposa mitengo." Ndinayankha kuti ndamva, bwana. Sindinamve kanthu. Ndinkaganiza kuti mkuluyo wafooka ndi ukalamba.

Zaka za kugeti

Atandikweza kukhala mlonda wa nkhalango ndinagwirako mbali ya ku Chingale, kenaka ku Malosa, ndipo pomaliza anandibweza kugeti la kunsi, kumene njira za amayi otola nkhuni zimatulukira. Kumeneko ndinakhalako zaka zambiri, ndipo zinali zaka zosowa. Jombo tinkasokerera ndi waya. Njinga ya kapitao inafera kwa okonza. Yunifomu ankatipatsa mwa apo ndi apo, moti ndinatsala ndi malaya amodzi ooneka, obiriwira, opanda batani lachiwiri, amene ndinkawasungira masiku a alendo.

Lamulo linali lomveka. Mayi agule tikiti, atole nkhuni zouma zokha, asalowe ndi nkhwangwa. Ambiri ankatsatira. Ena ankabisa zaziwisi pakati pa mtolo. Anzanga akagwira munthu wotero ankangolanda mtolowo pomwepo nkumuuza kuti azipita. Ine ndinali ndi njira yangayanga. Ndinkati, "Bwezani kumene mwazitenga." Mayi uja, atatsika kale phiri lonse ndi mtolo wautali kuposa iye mwini, ndinkamusenzetsanso kuti akwere nawo mpaka kunyumba yathu yosungira katundu, mtunda wa ola lathunthu, ine ndili pambuyo ndi kandodo. Wochedwa ndinkamukwapula m'miyendo. Ndikulemba mmene zinalili. Ndinkati akatero sadzabwerezanso, ndipo m'malipoti chigawo changa chinkaoneka bwino. Dzina la Bwezani linachokera pamenepo. Nditalimva koyamba ndinasangalala nalo.

Juni, chaka cha 25 pa ntchito

Bungwe lina linakonza maphunziro a masiku anayi okhudza kugwira ntchito limodzi ndi anthu ozungulira nkhalango, ndipo linatigoneka m'hotela ija. Alonda tinasankhidwa awiri, ine ndi mnzanga Bwanali, amene tinayamba naye ntchito chaka chimodzi. Mabwana anandiuziratu kuti Lachinayi m'mawa, tsiku lolandira masatifiketi, kudzabwera bwana wamkulu wochokera ku Lilongwe, ndipo ine ndidzayankhula m'malo mwa alonda onse, nditavala yunifomu. Bwanali anati, "Achimwene, mukayankhula bwino, ukapitao uja mwaupeza." Nanenso ndinkaganiza choncho.

Hotelayo ndinali nditaidutsa wapansi kwa zaka zonsezo osapondako ngakhale pa sitepe. Inamangidwa nthawi ya atsamunda. Makoma ake ndi ochindikala ngati a tchalitchi, pansi ndi pa matabwa olira munthu akamayenda, ndipo kutsogolo kuli khonde lalitali la mizati yoyera, pansi ndi m'mwamba. M'makoma anapachika zithunzi za azungu a zipewa ataimirira pafupi ndi magalimoto akale. M'chipinda changa munali bedi loti inu atatu ndi mayi anu mukanakwanapo, bafa la miyendo yachitsulo, matawulo anayi a munthu mmodzi, ndi zenera loyang'ana phiri. Ndinaima pazenerapo nkuona chigawo changa chonse, mpaka kanjira ka kugeti. Ndinavula nsapato poopa kudetsa kapeti. Mnyamata wa pakhomo atati, "Takulandirani, bwana," ndinacheuka kuti ndione bwanayo.

Kunena zoona ndinali ndi mantha, ndipo ine mantha amatuluka ngati ukali. Patebulo panali mafoloko atatu. Ndinkadikira Bwanali ayambe, iye akudikira ine. Operekera zakudya akamwetulira ndinkaona ngati akundiseka. Lachiwiri ndinavala malaya a yunifomu aja kuti anthu adziwe kuti si ine munthu wamba, ndipo pa chakudya chamadzulo ndinadzithira supu pachifuwa ponse. Bwanali anaseka mpaka kutsamwa.

M'kabati munali kathumba ka nsalu ndi kapepala kofotokoza kuti zovala zakuda ziikidwe m'menemo. Ndinakawerenga, ndinamva, koma ndinati munthu wina andichapire malaya ine manja ndili nawo? Komanso sindinkafuna kuti anthu aone kolala yothetheka. Lachitatu m'mamawa ndinawachapa ndekha m'bafa ndi kasopo ka hotela, ndipo ndinachita zimene ndakhala ndikuchita m'maresitihausi onse amene ndinagonamo. Ndinawayanika pachitsulo cha khonde, manja ake nditawamanga mfundo kuti mphepo isawatenge. Sindinaganize kuti khondelo ndi la kumaso, pamwamba penipeni pa khomo lolowera alendo, pamene anthu amajambulitsa zithunzi za ukwati.

Pa nthawi ya chakudya chamasana ndinakwera kuti ndikawatembenuze. Panalibe. Ndinayang'ana pansi, m'maluwa, m'kabati, kunsi kwa bedi. Mutu unatentha. Ndinaganiza za bwana wa ku Lilongwe, ine nditaima pamaso pake ndi juzi ya kunyumba. Nditatuluka ndinapeza mayi wina akukankha kangolo ka nsalu zapabedi, wazaka ngati makumi atatu, wovala diresi ya buluu ya ntchito.

"Iwe, m'chipinda changa walowamo ndani?"

"Ndine, bwana. Ndakonzamo m'mawa."

"Malaya anga ali kuti?"

"Ndawachotsa ndine, bwana, chifukwa pakhonde paja..."

Sindinamulole kumaliza. "Wachotsa? Wakutuma ndani? Wakuba iwe! Mumayesa sitikudziwani?" Ndinamugwira dzanja, ndipo ndi dzanja linalo ndinakhuthula kangolo kaja, nsalu zoyera zonse mbwee pansi, ndikufufuza malaya anga. Apa ndi pamene anakuwa mawu amene ndayamba nawo aja. Ndinadzidzimuka kumva dzina la kugeti m'malo ngati amenewo, ndipo ndinamusiya. Koma iye sanasiye.

"Mwandiiwala eti? Munawabwezetsa mayi anga mtolo mpaka pamwamba ali ndi pakati. Ine ndili pambuyo ndi kamtolo kanga, ndikulira, inu mukuti fulumirani. Lero mukufuna ndibweze chiyani? Tandiuzeni, ndibweze chiyani?"

Ana anga, sindinamukumbuke. Ndinayesa, ndinamuyang'ana kumaso, koma ayi. Amayi a pakati amene ndinawakweza phiri lija sanali mmodzi.

Anzake awiri anali atafika, ndi woperekera zakudya wina ali ndi thireyi m'manja. Kenaka anabwera manejala, bambo wa tayi, wofatsa. Sanafunse zambiri. Anapepesa kwa ine, anapepesa kwa azungu aja, nauza Esnati kuti atsike. Ine m'malo mokhala chete ndinapitiriza, chifukwa anthu anali atamva za kugeti ndipo ndinkafuna kukwirira manyaziwo ndi phokoso. Ndinati, "Munthu ameneyu ndisamuonenso. Wandibera, wanditukwana." Manejala anandipatsa fomu ya madandaulo. Ndinalemba tsamba lonse, Chingerezi cha m'malipoti, ndi kusaina.

Cha m'ma 4 koloko, titatuluka m'maphunziro, ndili m'chipinda changa, ndinamva kugogoda. Anali bambo wachikulire wa kochapira zovala, a Sumani. Ananyamula malaya anga pa hang'ala, atakutidwa ndi pulasitiki, ositidwa mizere yowongoka ngati a msilikali. Banga la supu lomwe ine ndinalilephera linali litachoka. Ndipo batani lachiwiri, limene linasowa zaka zinayi m'mbuyomo, linalipo.

"Zovala zanu, bwana. Pakhonde sitiyanika, ndi lamulo la eni ake. Tikapeza chovala timapita nacho kochapira."

"Batanili?"

"Wasokerera ndi Esnati yemwe uja, m'mawa. Anati mkuluyu mawa ali ndi mwambo, asakaime chifuwa chili pamtunda."

"Ali kuti?"

"Amuuza apite kunyumba. Mawa 10 koloko eni hotela abwera kudzagamula. Kuno wokalipira mlendo sabwerera, bwana. Ana ali nawo atatu, bambo wawo anamwalira." Anapachika malayawo m'kabati bwinobwino. Pachitseko anatembenuka. "Pali china chimene tingakuchitireni, bwana?"

Mawu amenewo anandipweteka kuposa kundimenya mbama.

Pa chakudya chamadzulo anandiperekera mwaulemu wonse. Palibe anandiyang'ana kumaso. Bwanali anadya pang'ono, kenaka anati, "Achimwene, ine ndakhala nanu zaka 25. Kuphiri ndinkati ndi ntchito. Lero si ntchito iyi. Mwalakwa." Ndinamuuza kuti asamale zake. Anati, "Eya, ndisamala zanga. Inu mukayankhule bwino mawa za kukhala bwino ndi anthu." Ananyamuka nsomba yake isanathe.

Mwambo wa masatifiketi unali woyamba 8 koloko. Mlandu wa Esnati unali 10 koloko. Ndinadziuza kuti ndikayankhule kaye, kenaka ndikaone manejala. Ndinadziuzanso kuti malaya apezeka, nkhani itha yokha. Koma fomu ija ndinali nditailemba ndine, ndipo ndimadziwa mphamvu ya pepala losainidwa.

Lachinayi m'mawa

Ndinavala yunifomu ndi kukagogoda kwa manejala 7 koloko. Ndinamuuza kuti mayi uja sanabe kanthu, ndipo ndinayamba ndine kumugwira.

"Zoti sanabe tikudziwa, bambo Nampinga. Vuto ndi kukuwa pamaso pa alendo. Fomu yanu ndinaitumiza kale kwa eni ake dzulo."

"Ing'ambeni."

"Siing'ambika. Mukalemba ina yofotokoza kuti munamugwira ndi kumukhuthulira katundu, ndiika pamwamba pake. Ntchito ikhoza kupulumuka, koma kalata ya chenjezo ilowa m'fayilo yake, imeneyo sindingailetse. Ndipo dziwani kuti kope lipita kwa amene anakulipirirani chipinda."

Kope limenelo linkatanthauza kuti mabwana anga awerenga. Ndinakhala pansi nkulemba. Inali lipoti ngati malipoti onse amene ndinalembapo, tsiku, nthawi, malo, wolakwa, kungoti pa wolakwa ndinalembapo dzina langa. Manejala anawerenga kawiri. Kenaka anati pali vuto lina. Esnati ayenera kupezekapo yekha, akapanda kubwera ndiye kuti wasiya ntchito. Dzulo pochoka anasiya makiyi ndi diresi ya ntchito patebulo, ndipo foni yake sikupezeka.

"Amakhala kuti?"

"Ku Chikanda. Nyumba yeniyeni sindikuidziwa."

Ndinadutsa pakhomo la holo anthu akukonza mipando, galimoto ya bwana wa ku Lilongwe itaima kale panja. Bwanali anali pa sitepe. Ndinamupatsa pepala la mawu anga. Anati, "Ine ndiwerenge? Ndimachita chibwibwi pagulu, mukudziwa." Ndinati werenga pang'onopang'ono. Ukapitao unathera pamenepo, ndipo sunabwerenso mpaka ndinapuma ntchito ndi bondo langali.

Ndinatsikira ku Chikanda wapansi, ndipo sindinaganizire za chovala chimene ndinavala. Nditangolowa m'tinjira ta pakati pa nyumba, mayi wina wogulitsa makala anaphimba timilu take ndi chitenje. Wina anakokera mtolo wa nkhuni kuseri kwa bafa. Ndinamva mawu akudumpha mpanda ndi mpanda, "A folesiti! A Bwezani alowa!" Ndinafunsa pa okala ina kumene amakhala Esnati wogwira kuhotela. Mwini wake anati, "Kuno kulibe dzina limenelo." Ndinafunsa amayi a pampopi. Wina anati anasamukira ku Zakazaka, wina anati ku Blantyre, wina anangoseka. Ndinazungulira pafupifupi ola lathunthu, thukuta likutsika m'nyengo yozizira, anthu onse akumuteteza kwa ine. Pomaliza ndinaima pakati pa amayi a pampopi aja, ndinavula chipewa, ndinati, "Amayi, sindinabwere kudzalanda kanthu. Ndinamunamizira kuba dzulo. Akapanda kufika kuntchito 10 koloko, ntchito yatha." Anayang'anana. Mmodzi anatula ndowa nati, "Nditsateni. Koma mukachita zanu zija, tikuthirani madzi awa."

Inali nyumba ya zipinda ziwiri, ya njerwa zosapaka. Pakhonde panakhala mayi wokalamba akusankha nyemba m'lichero. Ndinati odi. Anandiyang'ana kuyambira kujombo mpaka kumutu. Mpando unalipo pambali pake koma sanandilozere. Ndinanjuta pansi pafupi ndi ngalande, monga amachitira mkamwini. Esnati anatuluka atamanga chitenje, manja ali ndi thovu.

"Mwabwera kudzasecha nyumba?"

"Ayi, mayi. Ndabwera kudzapepesa. Ndinalakwa dzulo. Ndalemba kalata ina, a manejala akuti mukapezeke 10 koloko."

"Zakalezo, za kugeti zija, mwalembanso?"

"Ayi."

Mayi wokalamba uja anayankhula koyamba, osasiya kusankha nyemba. "Mwana ndinali naye m'mimba uja ali moyo. Amayendetsa kabaza. Musaope." Ndinati pepani, amayi. Anati, "Mmm," basi.

Esnati anapukuta manja. "Mwanditchula wakuba pamaso pa anzanga. Kupepesa kwa kuseri kunoku sikundithandiza. Ine ntchito ndi makiyi a zipinda za anthu. Akangokayika kamodzi, basi."

"Ndikanena pamaso pawo."

"Tiona."

Analowa kukasintha. Tinanyamuka nthawi itatsala pang'ono, iye patsogolo, akuyenda mofulumira chitunda chonse cha kutauni, ine pambuyo ndikukoka bondo, amayi a pampopi akutiperekeza ndi maso. Sanacheuke ngakhale kamodzi. Titafika sanapite kumaso kwa hotela, anakhotera kukageti ka antchito, ndipo ndinamutsatira. Kuseri kuja kunali zingwe za nsalu, migolo ya zinyalala ndi utsi wa kukhitchini. Kuchokera muholo kunkamveka m'manja, anthu akulandira masatifiketi. A Sumani anaitana ophika, ochapa, operekera zakudya ndi okonza zipinda, anthu ngati khumi ndi asanu, ena mipeni ili m'manja. Ndinaima pafupi ndi thanki ya madzi.

"Dzulo ndinanena kuti mayi awa ndi akuba. Ndinanama. Sanabe kanthu. Anandichapitsira malaya, anandisokerera batani, ine ndinawagwira dzanja ndi kuwatayira katundu pansi. Wolakwa ndine."

Wophika wina wakumbuyo anati, "Sitinamve kuno, bwana, mafani akusokosa."

Ndikudziwa kuti anamva. Mutu unayamba kutentha monga mwa masiku onse, ndipo ndinaona Esnati akundiyang'ana, akudikira. Ndinabwerezanso zonse kuyambira poyamba, mokweza. Nditamaliza, Esnati anapita kwa a Sumani, anatenga diresi yake ya buluu imene anamusungira, nalowa kwa manejala. Ndinadikira panja mpaka anatuluka ndi makiyi m'manja ndi envulopu ya chenjezo lija. Ndinakwera kuchipinda nambala 7, ndinatola chikwama changa, ndinayala bedi ndekha, ndipo ndinapita kukakwera galimoto ya matabwa yobwerera kuphiri.